Kukaona malo akale ndi misika ya mu Istanbul: mafunso ndi mayankho

Istanbul si likulu la Turkey. Likulu ndi Ankara kuyambira 1923. Koma mzinda waukulu ndi Istanbul, wa anthu oposa 15 miliyoni, ndipo unakhala mbali ziwiri za mtsinje wa nyanja wotchedwa Bosphorus, phazi lina ku Ulaya, lina ku Asia. Alendo ambiri amene ulendo wawo suyenda bwino kuno sikuti ndalama zawachepera ayi. Amafika pakhomo tsiku lotseka, kapena nthawi ya swala, kapena amagula pa shopu yoyamba imene aiona. Mayankho ali m'munsiwa akuthandizani kupewa zimenezo.

Malo akale otchukawo ali kuti, ndipo pafunika masiku angati?

Ambiri ali pamodzi m'dera la Sultanahmet, ku mbali ya Ulaya. Hagia Sophia, Blue Mosque, nyumba yachifumu ya Topkapı, chitsime cha pansi pa nthaka cha Basilica Cistern ndi bwalo la Hippodrome, zonsezi mukhoza kuzizungulira wapansi, ndipo kuchoka pena kufika pena sipadutsa mphindi 10. Grand Bazaar ili chakumtunda, ulendo wa mphindi ngati 15. Spice Bazaar ili kumunsi, ku doko la Eminönü.

Masiku atatu athunthu ndi okwanira: loyamba la Sultanahmet, lachiwiri la misika ndi mzikiti wa Süleymaniye, lachitatu lowoloka nyanja kupita ku mbali ya Asia kapena kukwera ku Galata. Mukakhala ndi tsiku limodzi lokha, musayese kumaliza zonse. Sankhani Hagia Sophia, Blue Mosque ndi msika umodzi basi. Topkapı payokha imadya theka la tsiku.

Ndi masiku ati amene amatseka?

Ili ndilo funso loyenera kuliyankha musanagule n'komwe tikiti ya ndege. Grand Bazaar satsegula Lamlungu komanso pa masiku a Idi, amene kumeneko amati Bayram. Topkapı amatseka Lachiwiri. Nyumba yachifumu ya Dolmabahçe amatseka Lolemba. Mizikiti ikuluikulu salowetsa alendo Lachisanu m'mawa mpaka swala ya Ijumaa itatha, cha m'ma 2 koloko masana.

Choncho Lachisanu m'mawa pitani ku Topkapı kapena kumsika, Lamlungu pitani ku mizikiti ndi ku Spice Bazaar, yomwe imatsegula tsiku lililonse la sabata. Masiku ena onse mizikiti imatsekera alendo kwa kanthawi pa swala iliyonse, ndipo nthawi za swala zimasuntha ndi dzuwa. Zimalembedwa pakhomo. Nthawi yabwino yolowa ndi m'mawa akangotsegula, mabasi a magulu asanafike.

Kodi Hagia Sophia ndi tchalitchi, mzikiti kapena nyumba yoonetsera zakale?

Yakhalapo zonse zitatu. Mfumu Justinian inaimanga ngati tchalitchi pakati pa 532 ndi 537, ndipo kwa zaka pafupifupi 1,000 panalibe tchalitchi china choposa ichi kukula. Denga lake lozungulira lili mamita pafupifupi 55 kuchokera pansi. Loyambalo linagwa mu 558 zivomezi zitalifooketsa, n'kumangidwanso lokwererapo. Sultan Mehmed II, mfumu ya Ottoman, atalanda mzindawu mu 1453 anaisandutsa mzikiti. Boma la Atatürk, pulezidenti woyamba wa Turkey, linaganiza mu 1934 zoti ikhale yoonetsera zakale, ndipo mu July 2020 inabwerera kukhala mzikiti.

Kuyambira January 2024 alendo ochokera kunja amalipira (mtengo unayambira pa mayuro 25) ndipo amalowera khomo lawolawo lopita m'chipinda cham'mwamba. Pansi n'pa opemphera. Ena amadandaula nazo, koma kunena zoona zithunzi zabwino kwambiri zili kumwambako. Funani chithunzi cha timiyala tagolide chotchedwa Deesis, choonetsa Yesu ali pakati pa Mariya ndi Yohane Mbatizi. Pa khoma lalifupi la nsangalabwi m'mphepete mwa chipindacho palinso dzina loti Halfdan, lomwe Mviking wina, munthu wa kumpoto kwa Ulaya, analikanda zaka mazanamazana zapitazo. M'makoma muona matabwa ozungulira asanu ndi atatu akuluakulu olembedwa m'Chiarabu, lililonse mamita oposa 7 m'mimba mwake. Pokwera palibe masitepe koma njira yamiyala yotsetsereka, yoterera, ndiye nsapato zazitali zidendene zisiyeni kuhotela. Musadabwenso mukapeza zitsulo za okonza mkati. Nyumba ya zaka zimenezi siisiya kukonzedwa.

Ndivale chiyani polowa mumzikiti?

Amayi afunde kumutu, mapewa ndi miyendo zisaoneke. Abambo asavale kabudula wolekeza pamwamba pa mawondo kapena malaya opanda manja. Chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhani yonse: mukhoza kuchimanga m'chiuno kapena kufunda kumutu. Ku Blue Mosque amabwereketsa nsalu pakhomo, koma pamakhala mzere.

Nsapato mumavula musanaponde kapeti, n'kuziika m'jumbo n'kumayenda nazo. Valani masokosi. Musadutse kutsogolo kwa munthu amene akuswali, musamujambule, ndipo musalumphe kampanda kolekanitsa malo a alendo ndi a opemphera. Kulowa m'mizikiti yambiri n'kwaulere. Munthu akakupezani panja n'kukuuzani kuti "lero n'kotseka, tiyeni ndikuonetseni kwina", dziwani kuti kwinako ndi kushopu ya makapeti. Pitani mukadzionere nokha pakhomo.

Blue Mosque ndi Süleymaniye, wabwino kuuona ndi uti?

Blue Mosque, imene eni ake amati Sultanahmet Camii, inamangidwa kuyambira 1609 molamulidwa ndi Sultan Ahmed I. Ili ndi nsanja zisanu ndi imodzi, ndipo mkati muli matailosi a ku İznik oposa 20,000, omwe ambiri ali m'mwamba kotero kuti pamafunika kukweza maso. Ndi yokongola, koma mumadzaza anthu.

Ife tingakuuzeni kuti musachoke musanaone Süleymaniye. Anaumanga katswiri Mimar Sinan pakati pa 1550 ndi 1557, pa phiri loyang'ana doko la Golden Horn. Mkati ndi motakasuka, mopanda phokoso, ndipo kuseri kuli manda a Sultan Süleyman ndi mkazi wake Hürrem. Mukaima pa khonde la kumbuyo mumaona nyanja, mlatho wa Galata ndi nsanja ya Galata nthawi imodzi, osalipira kanthu. Ngati chimene mukufuna ndi matailosi oti muwaone pafupi, funani kamzikiti ka Rüstem Paşa pafupi ndi Spice Bazaar. Kali pamwamba pa mashopu, ndipo khomo lake ndi timasitepe tobisika tomwe anthu ambiri amatipitirira.

Ku Topkapı ndiyambire pati?

Mafumu a Ottoman anakhala kuno kuyambira nthawi ya Mehmed II mpaka m'ma 1850, pamene anasamukira ku Dolmabahçe. Si nyumba imodzi ayi, ndi mabwalo anayi otsatizana okhala ndi nyumba zambirimbiri. Mizere italiitali imakhala malo awiri, onse m'bwalo lachitatu: mosungira chuma ndi mosungira zinthu zopatulika. Yambirani kumeneko akangotsegula. Mosungira chuma muli mpeni wa Topkapı wokhala ndi miyala itatu yobiriwira ikuluikulu pa chigwiriro, ndi dayamondi wa makarati 86 wotchedwa Kaşıkçı. Mosungira zopatulika muli zinthu zimene Asilamu amazilemekeza ngati za Mtumiki Muhammad, zomwe zambiri zinabwera Sultan Selim I atagonjetsa Egypt mu 1517, ndipo mumamveka munthu akuwerenga Kurani. M'menemo valani ngati mumzikiti.

Harem, komwe kunkakhala banja la mfumu, musakudumphe ngakhale miyendo itatopa. Zipinda zake ndi mazana koma zotsegula ndi zochepa. Pakhomo pake pali bwalo la alonda ofulidwa, omwe ankatengedwa ukapolo kuchokera ku Africa, makamaka chigawo cha mtsinje wa Nile, ndipo mkulu wawo ankafika pokhala mmodzi mwa anthu amphamvu kwambiri mu ufumu wonse. Makhitchini ali m'bwalo lachiwiri, ndipo muli mbale zadothi za ku China zoposa 10,000.

Nanga Basilica Cistern ndi Hippodrome?

Basilica Cistern ndi thanki ya madzi ya pansi pa nthaka ya nthawi ya Justinian. Denga lake lakhala pa zipilala 336, chilichonse mamita 9, m'mizere 12 ya zipilala 28. Kumapeto kuli mitu iwiri yosema ya Medusa yoikidwa ngati maziko a zipilala, wina chozondoka, wina cham'mbali. Mphindi 40 n'zokwana. Madzi amadontha kudenga ndipo pansi pamanyowa.

Hippodrome ndi bwalo lapoyera laulere kutsogolo kwa Blue Mosque, pomwe kale pankachitikira mipikisano ya magaleta. Chipilala cha mwala umodzi chimene chilipo ndi cha Farao Thutmose III wa ku Egypt, ndipo chinaimikidwa pano mu 390.

Za khadi yotchedwa Museum Pass: musanaigule werengani mndandanda wa malo amene imalowetsa. Hagia Sophia ndi Basilica Cistern sizilipo.

Mumzindamo ndiyende bwanji?

Gulani Istanbulkart pa makina a pasiteshoni, n'kuikamo ndalama. Imagwira pa tiramu, sitima ya pansi pa nthaka, basi ndi maboti, ndipo anthu awiri kapena atatu akhoza kugwiritsa ntchito imodzi, aliyense akamadutsa n'kuigunditsa. Tiramu ya T1 ndiyo msana wa ulendo wanu: imaima pa Beyazıt-Kapalıçarşı, Çemberlitaş, Sultanahmet, Eminönü, Karaköy mpaka Kabataş. Nthawi yoweruka imadzaza zedi, ndipo m'pamene opisa m'matumba amagwira ntchito. Chikwama chikhale kutsogolo.

Boti la boma lochoka ku Eminönü kupita ku Kadıköy limatenga mphindi ngati 20, polipira ndi khadi yomweyo, ndipo mumaona Topkapı ndi mizikiti kuchokera pamadzi mukumwa tiyi. Ambiri amene amalipira ndalama zambiri kwa oitanira maulendo a panyanja padoko amaona zomwezo. Mabwalo a ndege ndi awiri ndipo ndi otalikirana kwambiri: Istanbul Airport ku mbali ya Ulaya, Sabiha Gökçen ku mbali ya Asia. Onani bwino tikiti yanu yobwerera kuti mukunyamukira pa bwalo liti.

Mu Grand Bazaar sindisochera?

Musochera, ndipo palibe vuto. Msikawu, womwe amati Kapalıçarşı, unayamba kumangidwa Mehmed II atangolanda mzinda, ndipo lero uli ndi misewu yofoleredwa yoposa 60 ndi mashopu pafupifupi 4,000. Amatsegula m'mawa mpaka cha m'ma 7 koloko madzulo. Zipata zili ndi mayina ndi manambala, ndiye jambulani chimene mwalowera.

Msewu waukulu, Kalpakçılar Caddesi, umachoka pa chipata cha Nuruosmaniye kukafika cha Beyazıt, ndipo ndi wa golide. Mukasokonezeka bwererani pamenepo. Pakati penipeni pali Cevahir Bedesteni, gawo lakale kwambiri, la siliva ndi zinthu zamakedzana. Lendi ya mashopu a mumsewu waukulu ndi yokwera, ndipo amene amailipira ndi inuyo wogula. Chinthu chomwecho chimatsika mtengo mukalowa timisewu ta m'mbali kapena m'mabwalo akale a amalonda otchedwa han, monga Zincirli Han. Chimatsikanso mukatuluka panja n'kutsetsereka ndi msewu wa Mahmutpaşa, komwe eni mzinda amagula zovala ndi nsalu.

Kunenerera mtengo kumayenda bwanji?

Aliyense amene anagulako kaunjika saona chachilendo pamenepa. Funsani mtengo wa chinthu chomwecho m'mashopu atatu musanayambe kunenerera. Sankhani mumtima ndalama imene simupitirira. Wogulitsa akatchula wake, yambirani chakumunsi, pafupifupi theka pa zinthu monga nyale zagalasi, mbale, mipango ndi zikwama, kenaka muzikwera pang'onopang'ono. Kugula zingapo pamodzi ndi kulipira kashi kumatsitsa mtengo. Funsani msanga ngati mtengowo ndi wa lira (ndalama ya ku Turkey), dola kapena yuro, chifukwa mkangano wambiri umayambira pamenepo.

Akakupatsani tiyi m'kagalasi, imwani. Sikuti mwalonjeza kugula. Koma mukatchula mtengo iye n'kuvomera, kubwerera m'mbuyo n'kupanda ulemu. Mukalephera kumvana, thokozani n'kumapita. Akakuitanani, ndiye kuti mpata unalipo. Akakusiyani, munafika pansi. Pa chakudya, m'masupamaketi ndi pomwe alemba mtengo sanenerera.

Ndingadziwe bwanji golide ndi kapeti zenizeni?

Golide amagulitsa pa sikelo. Mtengo wake ndi magalamu kuchulukitsa ndi mtengo wa galamu wa tsikulo, kuphatikizapo ya mmisiri. Ponenerera ndi pa ya mmisiriyo pokha. Onani chidindo: 916 ndi makarati 22, 750 ndi 18, 585 ndi 14, ndipo siliva ndi 925. Ayeze inu mukuona, ndipo lisiti ilembe kulemera ndi makarati.

Kapeti itembenuzeni. Yoluka pamanja maluwa ake amaoneka bwino kumbuyo, mfundo zake sizifanana ndendende, ndipo mphonje zake ndi ulusi womwewo wa thupi la kapetiyo. Ya makina kumbuyo kumakhala kosalala mofanana, mphonje n'zosokerera. Chinyengo chofala ndi kugulitsa thonje lonyezimira ngati silika. Pemphani kaulusi kamodzi mukawotche: silika amanunkha ngati tsitsi lopserera n'kusiya kaphulusa kofumbutuka, thonje limanunkha ngati pepala. Pukutani pang'ono ndi kansalu koyera konyowa kuti muone ngati utoto ukuchoka. Ngati akukutumizirani kwanu, jambulani kapetiyo kutsogolo ndi kumbuyo, sainani pa kansalu ka kumbuyo, ndipo kukula kwake kulembedwe pa lisiti. Msonkho wa kasitomu kwanu ndi wanu, ngakhale wogulitsa atanena zotani.

Ku Spice Bazaar ndigule chiyani?

Msika uwu, Mısır Çarşısı, unamangidwa m'ma 1660 ngati gawo la mzikiti wa Yeni Cami, kuti lendi ya mashopu izisamalira mzikitiwo. Ndi waung'ono, wa misewu iwiri yokumana pakona. Zoyenera kugula ndi tsabola wosinja wotchedwa pul biber, sumak wowawasa, nkhuyu zouma, maapurikoti a ku Malatya, mtedza wa pistachio wa ku Gaziantep ndi maswiti a lokum. Lawani musanagule, tchulani magalamu amene mukufuna, ndipo yang'anani sikelo, chifukwa dzanja la wogulitsa limalemera. Auzeni akutsekereni m'pepala lochotsa mpweya kuti zisatayike m'sutikesi. Lokum yabwino ndi yodula pomwepo. Ya m'mabokosi okutiratu nthawi zambiri imakhala yokhalitsa, shuga yekhayekha.

Chenjerani ndi chimene amati safironi wa ku Turkey. Akakhala wotchipa, wa mulu waukulu wachikasu chofiirira, ndi duwa lina lotchedwa aspir, lopanda fungo. Safironi weniweni ndi timaulusi tofiira kwambiri totambasuka kunsonga, amagulitsidwa pa galamu, ndipo m'madzi amatulutsa chikasu pang'onopang'ono.

Mukatuluka chipata cha kumadzulo mumva fungo la khofi. Ndi pa Kurukahveci Mehmet Efendi, omwe akhala akugaya khofi kuyambira 1871, ndipo mzere wake umayenda msanga. Msewu wa Hasırcılar woyambira pomwepo uli ndi zokometsera zomwezo pa mtengo wa eni mzinda.

Ndikufuna kukapikula zovala. Ndi misika yomweyi?

Ayi. Opikula, kuphatikizapo amalonda ambiri ochokera ku Africa, amapita ku Laleli, komwe T1 imafika, ku Merter ndi ku Osmanbey. Kumeneko sagulitsa chimodzichimodzi koma pa seri, kutanthauza mtundu umodzi wa chovala m'masaizi onse. Maofesi a kago ali pomwepo ndipo amalipiritsa pa kilo. Werengani katundu asanamange, sungani malisiti, ndipo pewani zovala zokhala ndi mayina abodza a makampani otchuka, chifukwa a kasitomu akhoza kuzilanda.

Kuli misika ina yopanda alendo ambiri?

Timisewu ta kuseri kwa doko la Kadıköy tadzaza nsomba, azitona, tchizi ndi uchi. Ku Fatih kumakhala msika waukulu wa mumsewu Lachitatu lililonse. Okonda mabuku apite ku Sahaflar Çarşısı, pafupi ndi chipata cha Beyazıt. Amene safuna phokoso ayese Arasta, kuseri kwa Blue Mosque.

Za ndalama, magetsi ndi nthawi?

Kwacha simungaisinthe kumeneko. Tengani madola kapena mayuro, musinthe pang'ono pabwalo la ndege, zambiri musinthire m'mabyuro olembedwa Döviz mumzinda. Lira yakhala ikugwa mphamvu kwa zaka zingapo, ndiye mitengo imene munamva kwa wina chaka chatha musaidalire. Makina otapira ndalama akakufunsani ngati akuwerengereni m'ndalama ya kwanu, kanani, sankhani lira. Mapulagi ndi a timiyendo tiwiri tozungulira, osati atatu a ku Malawi, choncho adaputa ndi yofunika. Wotchi ya ku Turkey ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Malawi ndi Zambia. Za viza funsani ku ofesi ya kazembe kapena pa tsamba la boma la evisa.gov.tr, osati masamba ena ofanana nalo amene amaonjezera ndalama.

Akathyali amabera alendo motani?

Njira zake n'zodziwika. Wopolisha nsapato amagwetsa burashi dala patsogolo panu, mukamutolera amati akupolishireni pothokoza, pamapeto n'kufuna ndalama zambiri. Ingopitirirani. Mwamuna wovala bwino, makamaka cha ku Taksim ndi msewu wa İstiklal, amayamba kucheza ndi mlendo wamwamuna amene ali yekha, n'kumutengera ku bala kumene bilu imabwera yoopsa, pakhomo pataima anyamata amphamvu. Wa takisi amakana kuyatsa mita, kapena mukampatsa pepala la 50 amalibisa n'kukuonetsani la 5. Tchulani mokweza ndalama imene mukupereka, kapena itanani takisi pa pulogalamu ya pafoni ya BiTaksi. M'malesitilanti a nsomba funsani mtengo wa kilo ndi kulemera kwa nsombayo asanaiphike. Nambala ya zadzidzidzi ndi 112.

Nyengo yabwino ndi iti?

April, May, September ndi October. Mu April mapaki monga Gülhane ndi Emirgan amadzaza maluwa a tulip. July ndi August kumatentha ndipo mizere imatalika padzuwa. Kuyambira December mpaka February kumazizira kuposa June wa ku Dedza, kumagwa mvula, nthawi zina chipale, koma mahotela amatsika mtengo.

Pali zinthu zimene sindingatuluke nazo m'dzikomo?

Zilipo, ndipo lamulo lake ndi lolimba. Zinthu zamakedzana sizituluka: ndalama zachitsulo zakale, zidutswa za mbiya, timiyala tosema, ngakhale mwala umene mwangotola pa bwinja. Akazipeza pabwalo la ndege mukhoza kumangidwa, ndipo kunena kuti munagula pamsika sikukupulumutsani. Mukagula kapeti, mbale yamkuwa kapena buku looneka lakale kwambiri, wogulitsa akupatseni lisiti yonena zaka zake, ndipo ngati pali chikayiko pakhale chikalata chochokera ku nyumba ya boma yosungira zakale chololeza kuti chituluke. Uchi, mafuta a azitona ndi madzi a maluwa ziikeni m'sutikesi yaikulu, chifukwa m'chikwama cham'manja salola botolo loposa mamililita 100.